Zilembo Zitatu pa TV ya Agogo Nambewe

Ndikawakumbukira agogo Nambewe, mphuno ndi imene imayamba. Ndimamva fungo la mtedza wokazinga utatsala pang'ono kupserera, losakanikirana ndi fungo lina lovuta kulitchula, la fumbi lofunda lotuluka m'timabowo ta kumbuyo kwa TV yakale ija ya chimsana chachikulu, ikakhala yayaka masana onse. Kenako kumabwera phokoso. Kabelu ka utsi ka pasiling'i kankalira nthawi iliyonse agogo akamakazinga mtedza, ndipo iwo ankaima pansi pake, afupi monga analili, n'kumakupiza chitenje m'mwamba uku akukakalipira: "Khala chete iwe, palibe chapsa muno!" Panja pawindo sinowo ankagwa mwakachetechete pa magalimoto oimikidwa, mapaipi otenthetsa nyumba akulira m'makoma ngati munthu wogogoda mwamanyazi, sitima ikukuwa chapatali, tsiku lonse likuoneka ngati m'mawa umene wakana kucha.

Umu munali mu South Bend, ku America, m'nyumba ya maapatimenti ya njerwa zofiira, pansanjika yachiwiri. Khomo lathu ndi la agogo zinkayang'anana. Sanali agogo anga enieni. Kwawo kunali ku Dedza, ife ndife a ku Zomba, ndipo tikanakhala ku Malawi mwina sitikanadziwana n'komwe. Koma ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, bambo anga ankaphunzira masana n'kugwira ntchito madzulo, amayi ankasamalira okalamba ndipo kawirikawiri ankapanga dabulo, mashifiti awiri motsatizana, ndiye basi ya sukulu ikanditsitsa ndinkakwera masitepe n'kugogoda pakhomo la kumanja m'malo mwa la kumanzere.

Masiku amenewo Chichewa ndinkachimva chonse, koma pakamwa chinkandilemera. Makolo akandiyankhula ndinkayankha m'Chingerezi, iwo n'kungozisiya chifukwa chotopa. Agogo Nambewe sankazisiya. Ndikanena m'Chingerezi kuti ndili ndi njala, ankandiyang'ana ndi maso achifundo kwambiri n'kunena kuti, "Pepa Tadala, sukulu ya zimenezo ine sindinapite. Wati chiyani?" Ndipo mbale ya mtedza inkakhala pamwamba pa firiji mpaka nditawapeza mawuwo.

Agogo anabwera ku America kudzalera mdzukulu wawo, Madalitso, mwana wa anti Eliza, namwino amene ankakhala nawo m'apatimentimo. Anamulera Mada kuyambira ali wakhanda mpaka zaka zisanu ndi zinayi. Kenako banja la anti Eliza linatha, nkhani inapita kukhoti, ndipo mwana anapita kukakhala ndi bambo ake ku Indianapolis. Pamene ife tinkasamukira m'nyumba ija, panali patatha zaka ziwiri agogo asanamuone. Anti Eliza ankapita okha nthawi zina, n'kubwera maso atatupa, osanena zambiri. Zonsezi ine ndinazitola m'zidutswa, akuluakulu akamayankhulira m'khitchini poganiza kuti mwana woyankha m'Chingerezi samva.

Cha m'ma folo koloko pa tchanelo china pankabwera pulogalamu yakale ya nthabwala, yojambulidwa ine ndisanabadwe, mitundu yake itasuluka ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Munali tizisudzo tambiri tifupitifupi, koma kamodzi kankabwerezedwa pafupifupi tsiku lililonse. Munali bambo wina wamtali, woonda, wa ndevu za pamlomo, woperekera zakudya mu hotela, atavala jekete yoyera, atanyamula mulu wa mbale wofika pamphuno. Ntchito yake inali kuzichotsa kukhitchini n'kukazifikitsa pa tebulo la mayi wina wa chipewa cha nthenga. Panjira pankakhala mphaka, chitseko chobwerera chokha, pansi pokolopa kumene, ndi bwana wa chimimba womukalipira kumbuyo. Zonsezo ankazilambalala modabwitsa, mbale zikugwedezeka ngati bango pamphepo, ndipo akangotsala phazi limodzi kuti afike, kanthu kakang'ono, nyemba imodzi, ntchentche, kapena kuyetsemula chabe, n'kumugwetsa. Anthu osaoneka ankaseka m'TV, ine n'kumagubuduka pakapeti. Dzina lake la m'sewero ndinaliiwala kalekale. Agogo ankamutchula kuti a Gwetsani, ndipo limenelo ndi limene linandikhala.

Agogo sankaseka. Ankakhala pampando wawo wa pawindo, manja ali pamawondo, thupi likupendekera kumene mbale zikupendekera. A Gwetsani akagwa ankangoti "Ha!" motsitsa, ngati munthu amene wamva za maliro a kutali.

"Agogo, n'zoseketsa!" ndinatero tsiku lina, ndikudzikoka m'Chichewa changa chotsimphina.

"N'zoseketsa kwa amene wakhala pa tebulo," anayankha. "Bambo ake a Eliza ananyamula mbale mu hotela ku Blantyre kuyambira unyamata mpaka imvi. Jekete yoyera ngati imeneyo, wosita ndinali ine. Sanagwetsepo ngakhale supuni. Koma akabwera kunyumba dzanja ili linkanjenjemera lokha, moti kapu ya tiyi ndinkawagwirira ndine."

Tsiku lina sukulu inatsekedwa chifukwa cha sinowo, ndipo ndinakhala kwa agogo kuyambira m'mawa. Anandituma kukatenga bulangeti m'kachipinda kamene chitseko chake chinkakhala chotseka nthawi zonse. Chinali chipinda cha Mada, bedi loyalidwa bwino, nsapato zing'onozing'ono zitandandalikidwa pansi pake, mpweya wake wozizira komanso wonunkhira sopo. M'kabati, kuseri kwa mabulangeti, ndinapeza kabokosi kotuwa, zingwe zake zitakulungidwa bwinobwino, ndi kaseti imodzi. Pa kasetipo panali chithunzi cha a Gwetsani ndi mbale zawo.

Ndinathamanga nako kubalaza. Agogo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi gemu ya Mada imeneyo," anatero. "Bambo ake anagula kwa mzungu wina amene ankagulitsa katundu wakale pakhomo pake. Ngakhale nthawi imeneyo inali itakalamba kale."

Ndinayesa andiuza kuti ndikabweze. Koma anatsika pampando, n'kugwada kumbuyo kwa TV, n'kulumikiza chingwe chilichonse pamalo pake popanda kufunsa munthu. Anatenga kaseti ija, anaiuzira katatu ngati akuziziritsa phala la mwana, n'kuikankhira mkati.

Galasi la TV linathwanima, kenako kanyimbo kanayamba, kowonda, kodumphadumpha, ngati ka udzudzu umene walandira uthenga wabwino. A Gwetsani anaonekera, opangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono, ndevu zawo kamzere kamodzi kakuda, miyendo ikusinthana mofulumira. Hotela yake inali ya buluu ndi pinki, ya nsanjika zisanu, makonde ake osatha, mawindo ake akuonetsa mwezi umene sunkasuntha. Koma gemu isanayambe panabwera mndandanda wa opambana, mizere isanu, uliwonse ndi zilembo zitatu ndi nambala pambali pake. Mizere yonse isanu inali ndi dzina limodzi: MAD.

Agogo anasendera pafupi n'kuika chala pagalasi. Kuwerenga ankadziwa, Baibulo lawo la Chichewa linali lothothoka chikuto.

"Akadalimo," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo masana athu anasintha. Ine ndinkakhala pakapeti ndi karimoti ka mabatani awiri ofiira, agogo kumbuyo kwanga akutikita mtedza m'manja kuti makoko achoke, n'kumawauzira m'mbale, timakoko tofiira tikuuluka n'kutera pamapewa anga. Gemuyo inalibe mawu, inkangotulutsa timabokosi ta Chingerezi pamwamba pa mitu ya anthu, koma agogo ankaiyankhulitsa okha. Bwana wa chimimba akatulukira ankakhuthalitsa mawu: "Iwe Gwetsani, ukuyenda ngati ukuperekeza mkwatibwi!" Ndiye a Gwetsani ankayankha ndi timawu taulemu: "Pepani bwana, mphakayu ndi mbale wanu, ndimati ndimupatse njira." Ndinkaseka mpaka mbale zonse pansi. Posakhalitsa ndinayamba kuyankhira ine mbali ya mphaka, kenako ya mayi wokolopa, amene tinamupatsa mwamuna woledzera ndi ana asanu ndi mmodzi ku Ndirande, ndipo sindinazindikire tsiku limene Chichewa chinasiya kundilemera.

"Pa TV amamugwetsa dala kuti anthu aseke," agogo anandiuza. "Koma muno angathe kufika. Mada ankati akafika pamwamba, mayi wa chipewa cha nthenga uja amalandira mbale zake. Iye sanafikeko, anatsala nsanjika imodzi."

M'nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga kumeneko, ndipo agogo sankathamangira kuyatsa magetsi. Chipinda chonse chinkasanduka cha buluu ndi kuwala kwa TV, makatani, kalendala ya kutchalitchi, zitenje zoyanikidwa pamipando, nkhope ya agogo. Nthawi zimenezo ndinkaona ngati hotela ija ili kuseri kwa khoma, kuti nditatsegula kabati ya Mada n'kukankha mabulangeti ndikhoza kutulukira m'khonde lake lalitali, n'kumva fungo la sopo wokolopera, n'kupeza bambo ake a anti Eliza, amene sindinawaonepo ngakhale pachithunzi, ataima ndi jekete yositidwa bwino, akudikira moleza mtima kuti ndiwapatuke.

Zala za mwana sizichedwa kuphunzira. Pakutha pa miyezi iwiri ndinali nditadziwa pamene mphaka amadumphira ndi mmene chitseko chimabwererera. Tsiku lina gemu itatha inandifunsa dzina. Ndinalemba TAD, ndipo linalowa pamzere wachisanu. Ndinalumpha. Agogo anawomba m'manja pang'ono. Chimene sindinaone n'chakuti mizere inali ikadali isanu, ndipo kuti langa lilowe, limodzi la Mada linali litatuluka.

Zinapitirira choncho, TAD awiri, atatu, anayi. Agogo anasiya kumuyankhulitsa bwana wa chimimba, ankangotikita mtedza. Ine ndinkangoona MAD mmodzi wotsala pamwamba pa onse, ndipo ndinkamufuna monga mwana amafunira chinthu. Ndinamuposa. Anatsikira pamzere wachiwiri, kenako wachitatu, tsiku ndi tsiku ngati munthu wotsika masitepe, mpaka Lachinayi lina ndinasewera kuposa masiku onse, ndipo mndandanda utabwera panali TAD yekhayekha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Agogo, onani! Ndamumaliza!"

Anaika mbale pa tebulo, anaimirira, anazimitsa TV, n'kutenga kansalu koluka ka pampando n'kuphimba galasi lake.

"Pita kwanu, Tadala. Amayi ako abwera posachedwa."

Amayi anali ndi maola ena atatu ku shifiti, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinatsegula kwathu ndi kiyi amene ndinkavala m'khosi, ndinakhala pasofa chikwama chili kumsana, ndipo m'bata limenelo m'pamene ndinawerenga bwino mizere isanu ija n'kumvetsa chimene ndinachita.

Masiku otsatira ndinkapitabe kwa agogo. Ankandipatsa tiyi, n'kundifunsa za kusukulu, n'kunditenga kukachapa zovala ku makina a m'chipinda cha pansi, koma kansalu sikankachoka pa TV ndipo kabokosi sikankaoneka. Ndinkafuna kupepesa, koma mawu ake ankandithawa m'zilankhulo zonse ziwiri.

Sabata yachiwiri ndinadwala chimfine n'kukhala kunyumba, amayi akupumula m'chipinda chawo. Cha m'ma naini koloko m'mawa, thupi likutentha, ndili pakati pa tulo ndi kudzuka, ndinamva kanyimbo kaja. Ndinayesa ndi maloto. Koma kankachokera kutsidya kwa khonde, kakudutsa pansi pa zitseko ziwiri. Kankayamba, kuyenda pang'ono, kenako phokoso la mbale zosweka, khwaa! Bata. Kenako n'kuyambiranso. Kuyamba, khwaa, kuyamba, khwaa. Ndinawerenga mpaka makumi atatu tulo n'kunditenga, ndipo m'tulomo ndinali ine wonyamula mbale, makonde akutalika patsogolo panga. Nditadzuka masana kanyimbo kanali kakulirabe.

Sindinauze munthu. Panatha milungu isanu. Sinowo anasungunuka n'kusanduka matope akuda m'mbali mwa msewu, mitengo inayamba kuphukira. Tsiku lina nditagogoda ndinapeza kansalu kachoka, TV ikuyaka. Chala chachikulu cha agogo cha kumanja chinali chokulungidwa pulasitala.

"Khala pansi," anatero.

Pamwamba pa ma TAD anayi panali MAD, ndipo pambali pake nambala yaikulu imene sindinkaganiza kuti ingatheke.

"Agogo, ndi inu?"

"Ndi Mada. Ine ndangomulembera."

Kenako nkhope yawo inamasuka, inasanduka ya mtsikana amene waona chinthu kumsika ndipo sangathe kuchisunga. "Tadala, ndinawafikitsa. Pamwamba penipeni pali chipinda cha makatani ofiira. Mayi uja wakhala yekha. A Gwetsani anaika mbale pa tebulo imodziimodzi, palibe inagwa. Mayiyo anawomba m'manja. Iwo anachotsa kansalu ka pamkono n'kuwerama. Kenako anakhala pansi, Tadala. Anakoka mpando n'kukhala pansi."

Anandifotokozera zimenezi kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse chipinda chija chinkakula, makatani akutalika, nyali zikuchuluka, mpaka ulendo wina munali oimba malipenga. Ine ndi maso anga sindinachionepo. Tinayambiranso kusewera, bwana wa chimimba anapezanso mawu ake, koma ndikafika nsanjika yachinayi ndinkamusiya mphaka awapunthwitse a Gwetsani. Agogo ankaona zonsezo.

Chilimwe chimenecho bambo anga, amene ankadziwana ndi bambo a Mada kudzera m'mapemphero a Amalawi, anaimba mafoni angapo. Tinali ndi ulendo wa ku Indianapolis Loweruka lina, kukagula ufa ndi nsomba zouma m'masitolo a pa Lafayette Road, ndipo bambo a Mada anavomera kuti agogo akamuone mwana kwa ola limodzi kapena awiri. Anti Eliza tsiku limenelo anali pa shifiti.

"Tidzakutengani seveni koloko, agogo," bambo anatero Lachisanu madzulo, ngati kuti agogo amakhala kutali. Pofika sikisi anali ataima kale pakhonde, atavala diresi ya kutchalitchi, mtedza uli m'chitini, kabokosi kaja atakakulunga m'chitenje chatsopano.

Msewu unadutsa m'minda ya chimanga yosatha, chobiriwira, cholingana msinkhu ngati chometedwa, popanda munthu ngakhale mmodzi wogwira khasu. "Minda yonseyi eni ake ali kuti?" agogo ankafunsa, mtolo wawo uli pamiyendo, osalola kuti uikidwe kumbuyo. Bambo anafotokoza za mathirakitala, agogo n'kupukusa mutu, osakhutira. Ine ndinatsamira pawindo n'kumaona mizere ya chimanga ikutseguka ndi kutsekeka ngati makomo.

Nyumba ya bambo a Mada inali ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, ya kapinga wometedwa bwino ndi galaja ya magalimoto awiri. Bambo a Mada anatilandira ndi ulemu wouma, n'kulowa ndi bambo anga kukhitchini. Kenako Mada anatsika masitepe. Ine ndinkadziwa kamnyamata ka pa chithunzi cha pa firiji ya agogo, kogululuka mano awiri akutsogolo. Amene anatsika anali wa zaka khumi ndi ziwiri, wamtali kuposa agogo, atavala jezi yaikulu ya mpira, mawu atayamba kusweka.

"Hi, Grandma," anatero.

Agogo anamugwira mikono, mapewa, makutu, ngati akutsimikiza kuti zonse zilipo. Iye anaima chilili akuyang'ana kapeti. Kenako agogo anagwada pakati pa balaza n'kumasula chitenje chija.

Mada anayang'ana kabokosi, kenako anayang'ana ine, mtsikana amene sankamudziwa, ndipo lero ndikuganiza kuti chinamugwira kwambiri chinali manyazi. Anayankhula mofulumira, m'Chingerezi cha kusukulu. Anati imeneyo ndi gemu ya makanda, yakalekale, palibe amene amasewera zimenezo, TV yawo ilibe ndi polumikiza pomwe, ndipo agogo akanangoitaya.

Agogo anatembenukira kwa ine. "Akuti chiyani?"

Ndinayang'ana chala chawo chachikulu, pamene panali pulasitala paja, khungu lake litakhuthala.

"Akuti... akuti zikomo kwambiri, agogo. Akuti wasangalala, amaikumbukira."

Mada Chichewa ankachimva. Anandiyang'ana msanga n'kuwerama.

"Tadala," agogo anatero, mawu ali phee. "Nkhope ya mwanayu ndinaiphunzira iwe usanabadwe. Nena zimene wanena."

Ndinanena, liwu ndi liwu, mpaka la kutaya lija, misozi ikundilowa m'kamwa. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anakulunganso kabokosi n'kumanga mfundo ziwiri.

"Chabwino," anatero. "Wakula. Ndi zimene ndinabwera kudzaona." Anamuyang'ana Mada. "Nanga imene umasewera masiku ano ili kuti? Ndionetse."

Mada anazengereza, koma anayatsa TV yawo yaikulu. Inali gemu ya mpikisano wa magalimoto, yooneka ngati filimu yeniyeni, rimoti yake ya mabatani ambirimbiri. Agogo anatambasula manja, iye n'kuwapatsa. Galimoto yofiira inanyamuka n'kukagunda khoma, inabwerera m'mbuyo n'kugunda lina, kenako inatembenuka n'kuyamba kulowera kumene anzake akuchokera.

"Mayo ine, laisensi ndilibe!" agogo anakuwa. "Apolisi ali kuti andigwire ndisanaphe anthu?"

Mada anayesa kudzigwira, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Anakhala pakapeti pambali pawo n'kuika manja ake pamwamba pa manja awo.

"No, Grandma... apa. Dinani apa. Pang'onopang'ono."

Chichewa chake chinkatsimphina kuposa changa. Galimoto inazungulira bwalo lonse, inafika yomalizira, ndipo awiriwo anakuwa ngati yapambana, mpaka abambo aja anasuzumira kuchokera kukhitchini. Anasewera kachiwiri, kachitatu. Chitini cha mtedza chinatha tisanachoke. Za mndandanda uja agogo sanatchule.

Pobwerera, ufa ndi nsomba zili kumbuyo zikununkhitsa galimoto yonse, dzuwa likupendeka pamwamba pa chimanga, bambo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndinawafunsa.

"Agogo, bwanji simunamuuze kuti munasewera milungu isanu kuti dzina lake libwerere?"

"Kuti atani nazo? Milungu isanuyo ndi yanga. Mwana ali ndi katundu kale, wa amayi ake ndi wa bambo ake. Ndiwonjezerepo wanga?"

Tinadutsa tauni ina yaing'ono ya thanki yamadzi yaitali ndi tchalitchi choyera. Agogo anatsinzina, ndipo ndinayesa agona. Kenako anandigwira dzanja, maso akadali otseka.

"Koma iwe, zija usadzachitenso. Ndikudziwa unandimvera chisoni. Koma ukandibisira mawu ndiye kuti wanditulutsa m'chipinda. Nonse mwatsala mkati mukudziwa, ine ndekha ndili panja ndikumwetulira ngati chitsiru. Bola ndimve, zindiwawe, ndili momwemo."

Chaka chotsatira Mada anayamba kubwera ku South Bend patchuthi. Sindinganene kuti ndi ulendo uja umene unachititsa. Akuluakulu anali ndi mapepala awo amene ife ana sitinkawaona. Patapita zaka ziwiri agogo anabwerera ku Dedza, miyendo itayamba kukana kuzizira, ndipo anamwalira kumeneko ine ndili kukoleji. Mwambo wa maliro tinaonera pa foni m'balaza la anti Eliza, chithunzi chikuima n'kuyenda, nyimbo za amayi zikudukaduka, Mada ali pambali panga, munthu wamkulu wandevu, akupukuta maso ndi chipewa. Ndinatsala pang'ono kumuuza za milungu isanu ija. Ndinasiya. Sinali yanga yoti ndipereke.

Lero ndimakhala ku Beech Grove, ndine namwino pachipatala china mu Indianapolis, ndipo ndinalembetsanso ngati womasulira. Olankhula Chichewa kuno si ambiri, ndiye akabwera munthu wachikulire wa kwathu amene Chingerezi cha madokotala chikumuthamangira, amandiitana. Mwezi watha anali bambo wina wa ku Ntcheu, amene anabwera kudzaona zidzukulu n'kuyamba kudwala m'mimba. Ndisanalowe, mwana wawo wamkazi anandigwira mkono pakhonde, ana ena awiri ataima kumbuyo kwake.

"Sisi, chonde musawauze zonse. Mungowauza kuti apeza bwino. Mtima wawo siwolimba."

Ndinamumvetsa mayiyo kuposa mmene akanaganizira. Ndinamuuza kuti ndiwafunsa kaye eni ake.

Dokotala anayankhula mofatsa, akuloza chithunzi. Chotupa chinali chitafalikira, ndipo mankhwala akanangochedwetsa. Bambo aja sankayang'ana chithunzicho, ankayang'ana nkhope ya dokotala, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwananga, akuti chiyani?"

Ndinagwada pambali pa bedi kuti maso athu alingane. "Bambo, mukufuna ndikuuzeni zonse monga anenera?"

"Thupi ndi langa," anayankha.

Ndinawauza, pang'onopang'ono, osadumpha liwu. Anayang'ana kuwindo, kumene masamba achikasu ankathothoka limodzilimodzi. Kenako anakonza bulangeti pamawondo awo n'kuwongola msana.

"Zikomo, mwananga. Tsopano itanani ana anga alowe onse. Ndili ndi zoti ndiwauze nthawi ikadalipo."

Ndinaimirira n'kukatsegula chitseko.